Nsapato za Kumanzere

Lachiwiri, 4 Juni
Kukhoti. Mabenchi asanu ndi atatu, mafani atatu, yozungulira imodzi. Mdzukulu wanga, uja timamutcha Bwana Malonda, anamugwira pabwalo la ndege ndi nsapato makumi anayi zochokera kunja, m'zidendene muli ufa wosokoneza bongo. Akuti sankadziwa. Inde, nsapato za masiku ano zimadzilongedza zokha.

Lachinayi, 6 Juni
Loya wanena kuti "mwana womvera" kasanu ndi kawiri. Ndinacheuka kuti ndione akunena ndani. Woimira boma akuti mnyamatayu akapatsidwa belo athawa. Woweruza akufuna womuimira pa belo wokhala ndi nyumba yakeyake. Pa achibale khumi ndi mmodzi, khumi anayamba kuyang'ana fani.

Mayi ake anandigwira mkono: "Amayi, ndi magazi anu." Magazi omwewo adokotala akuti akuthamanga kwambiri.

Ndasaina. Akathawa, nyumba ino yapita.

Lachisanu, 7 Juni
Watuluka. Pasipoti yatsala kupolisi. Azigona kwanga, azikaonekera kupolisiko Lachisanu lililonse. Wadya mazira anayi, zikomo kamodzi.

Lolemba, 10 Juni
Pakhomo pali mapeyala asanu a nsapato zake. Foni yalira kasanu ndi kanayi, ndipo nthawi zonse amakayankhira kubafa, mpopi atatsegula. Ndinamvako kuti, "Popanda pasipoti zimatheka?" Mwina amafunsa za kumwamba.

Lachiwiri, 11 Juni
Ndatenga nsapato zonse za kumanzere n'kuzikiyira m'kabati. Kiyi ndamumangirira m'khosi mwanga.

"Agogo, ndine mkaidi kapena?"

"Ayi bwana. Mkaidi sadya mazira."

Lachisanu ndidzamubwereka imodzi, tidzapitira limodzi kupolisi.

Lachitatu, 12 Juni
Mayi ake akuti ndikumuchititsa manyazi mwana. Unyolo umene anamumanga nawo kukhoti unali ulemu, ndiye kuti.

Lachinayi, 13 Juni
Watsuka mbale osatumidwa. Wandifunsa za mawondo anga, mpaka kumvetsera yankho. Ndinathamangira kukawerenga masupuni: onse alipo. Kapena ndikumulakwira mwanayu? Ali wamng'ono ankagona pamiyendo panga tikuwerenga magalimoto odutsa. Ofiira anali ake.

Diresi la mawa ndasita.

Lachisanu, 14 Juni
Za kumanzere zisanu m'kabati. Za kumanja zisanu pakhomo, zondandalika bwinobwino. Bedi lake loyala, koyamba chibadwire.

Patapata zanga zamaluwa palibe.

Mayi ake sakuyankha foni. Ndavala diresi lija, kupolisi ndipita ndekha. Ndisanatseke chitseko ndawerenga zipinda. Zinayi. Ndawerenganso.