Bambo Sakudziwa Kuti Ali ndi Mkamwini

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka kwa inu, kwa mayi a kunyumba ndi kwa ana. Muli bwanji kumeneko? Bondo munkadandaula nalo lija linasiya kutupa? Nanga bambo akupeza bwanji? Akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi m'nthawi yake, kapena ayambiranso zoti adzamwa mutu ukayamba kupweteka? Kuno m'thupi tili bwino, ine ndi alamu anu. Mtima wokha ndiwo sukukhala pansi. Ndinakuimbirani kawiri sabata yatha, koma munaona nokha kuti ndinangokamba za mvula ndi za sukulu ya ana mpaka kudula. Pa foni mawu akundithawa, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Kalatayi ndiijambula n'kukutumizirani pa foni kuti isachedwe, inu muisindikize pa pepala.

Paja ndinakuuzani kuti ndinapereka mafomu opempha unzika, poti zaka zinayi zimene amafuna kuti munthu akhale pabanja ndi nzika ya kuno zinakwana. Mayeso a chinenero ndi a mbiri ya dziko lino ndinakhoza. Musaseke, achimwene, mlongo wanu wakhozako mayeso. Chinatsala ndi kukaonekera tonse awiri ku ofesi yoona za anthu obwera, kuti akatifunse mafunso ndi kuona ngati banja lathu lili lenileni kapena ndi la pa pepala chabe. Tinapitako masiku khumi ndi limodzi apitawo.

Tinafika m'mawa ndi chikwama chodzaza: mtchatho wa ukwati, mapepala a nyumba tikukhalayi, zithunzi, ndi kalata ya telala wa pansi pathu yochitira umboni kuti amationa tikukwera masitepe limodzi tsiku ndi tsiku. Alamu anu anavala jekete limene limawathina m'khwapa. Titangolowa m'chikepe cha pa ofesipo, iwo anatchera khutu n'kunena kuti zingwe zake zikufuna girisi. Ine nzeru zonse zili pa mafunso, mnzanga akuganiza za ntchito yake yokonza zikepe. Tinakhala maola awiri pa mipando yachitsulo yolumikizana, ndipo munthu wa kumapeto akagwedeza mwendo tonse timagwedezeka.

Anatilowetsa mmodzimmodzi. Wofunsa anali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, wolankhula motsitsa. Sanali wankhanza, ndisamunamizire. Anandifunsa mtundu wa makatani a kuchipinda, amene amataya zinyalala, mbali imene chitseko cha filiji chimatsegukira, ndi mapiritsi amene apongozi anga amamwa m'mawa. Zonsezo ndinayankha osaphethira. Kenako anafunsa kuti tinakumana liti ndipo kuti. Ndinafotokoza zimene inunso mukuzidziwa, kuti chikepe cha kuchipatala kumene ndimagwira ntchito yochapa chinaima pakati pa nsanjika ziwiri ndili ndi ngolo ya nsalu zakuda, ndipo patatha mphindi makumi anayi anatsegula chitseko ndi munthu wamanyazi amene anandipepesa katatu ngati anachiwononga ndi iyeyo.

Alamu anu atatuluka, mayi uja anatiitana tonse awiri n'kuika mapepala athu pamodzi. Anati mayankho onse agwirizana kupatula limodzi, ndipo limodzilo ndi lalikulu. Ine ndanena kuti tinakumana m'chikepe, pomwe amuna anga anena kuti tinakumana pa masitepe, miyezi isanu ndi itatu m'mbuyo mwake. Ndinawayang'ana ndi diso loti mwachita chiyani apa. Iwo anayang'ana nsapato zawo, kenako anayamba kufotokoza pang'onopang'ono monga achitira. Anati tsiku lina masana akutsika masitepe a kuseri kwa chipatala ndi bokosi la zipangizo, anapeza mtsikana atakhala pansi, nkhope ili m'maondo, akulira, pepala lili m'manja. Anatulutsa lalanje limene anasungira nkhomaliro, analiika pa sitepe pambali pake, n'kupitirira.

Achimwene, lalanje limenelo ndikulikumbukira. Linali tsiku limene zotsatira za mayeso a unamwino zinatuluka kachiwiri, dzina langa palibe. Nditadzutsa mutu ndinangoliona lili apo, ndipo ndinalidya ndikuganiza kuti waliiwala munthu wodikirira wodwala. Zaka zonsezi takhala nyumba imodzi, munthuyu sananenepo. Nditawafunsa pomwepo chifukwa chake, anati palibe amene amafuna kukumbutsidwa tsiku limene analira, koma poti boma lafunsa, sakanatha kulinamiza. Misozi inanditsika m'ofesi ya anthu. Mayi uja anandikankhira bokosi la timapepala topukutira, koma cholembera chake sichinaime. Anati nkhaniyo ndi yokoma, koma pa mpando umenewo wamvapo nkhani zokoma zambiri zoloweza pamtima.

Kenako anatsegula fomu yanga pamene ndinalemba kuti mayi anamwalira, bambo alipo ndipo timalankhulana Lamulungu lililonse. Anati m'zithunzi zonse ndi m'mauthenga onse amene tabweretsa sakuonamo chilichonse chochokera kwa bambo. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti, “Kodi bambo anu amalidziwa dzina la amuna anu?”

Ndikanatha kungoti inde. Mawuwo anafika pa lilime. Koma pambali panga panali munthu amene anali atangoika zonse pachiswe chifukwa chokana kunama za lalanje. Ndinayankha kuti ayi, sadziwa n'komwe kuti ndinakwatiwa.

Ndiye zimene atigamula ndi izi. Akufuna kalata yochokera kwa bambo, yolemba okha ndi dzanja lawo, yonena zimene akudziwa za banja langa, yosayinidwa pamaso pa loya wa chidindo, pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso chawo. Ndinafunsa ngati yanu singakwane, poti inu munadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anati yanu ibwere, koma singalowe m'malo mwa ya kholo limene lili moyo. Anatipatsa masiku makumi asanu ndi limodzi. Akapanda kukhutira, pempho langa aliponya kunja, ndipo chilolezo chimene ndikukhalira kuno, chomwe chikutha miyezi inayi ikubwerayi, sachiwonjezera. Ndidzayenera kutuluka m'dziko muno n'kukayambiranso kupempha ndili kwathuko, ndipo akuti zimenezo zimatenga zaka ziwiri kapena kuposa. Alamu anu sanganditsatire. Chiwagwirireni sitiroko mayi awo, ndi iwo amene amawanyamula kuwaika pa mpando m'mawa ndi kuwabwezera pa bedi madzulo, ndipo palibenso mwana wina.

Titatuluka tinakangana pa siteji ya basi, koyamba kukangana pagulu. Ine ndinayamba, ndinati akanangonena za chikepe bwenzi zonse zitatha. Basi imodzi inatidutsa. Kenako iwo anati zoti boma likuwakayikira sizikuwapweteka, boma silinadyepo nawo mbale imodzi. Chimene chimawapweteka n'choti Lamulungu lililonse foni ya bambo ikalira, iwo amazimitsa wailesi, amavula nsapato kuti asamveke poyenda, ndipo chifuwa chikawagwira amakatsokomolera kubafa. Anati zaka zinayi akhala m'nyumba mwawo ngati katundu wakuba. Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

Kuyambira tsiku limenelo sindikukhazikika. Kuntchito ndimapinda nsalu imodzi kawiri. Lachinayi ndinaika mayunifolomu oyera m'makina amodzi ndi makatani obiriwira, ndipo kapitawo wathu anandifunsa ngati ndatsegula fakitale yopaka utoto. Loweruka ndinadziwotcha padzanja ndi makina ositira. Ndikaweruka sindikwera basi, ndimayenda wapansi njira yonse kuti mwina miyendo ikatopa mutu ungaleke kuzungulira. Ndikafika ndimatsegula bokosi la makalata, ngakhale ndikudziwa kuti simungakhale kanthu poti sindinapemphe kanthu kwa wina aliyense. Kalata ino ndi yachinayi. Zitatu zili m'bini. Pa khoma la kukhitchini pali kalendala, ndipo alamu anu amangodulapo tsiku limodzi m'mawa uliwonse asananyamuke. Pamene ndikulemba pano atsala masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi.

Apongozi anga, ngakhale pakamwa pawo panapotoka, anamva zonse. Dzulo ndikuwapesa anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwino lija n'kundiuza movutikira kuti kholo limakwiya ndi pakamwa, m'mimba mulibe. Ndinangoti zikomo, koma mumtima ndinati bambo anga simuwadziwa.

Inu mumawadziwa. Mukukumbukira tsiku londiperekeza, atavala taye ya ku sukulu ija ngakhale anali atapuma kale uphunzitsi, akuuza aliyense pa depoti kuti mwana wawo akupita kukaphunzira unamwino. Nditalephera koyamba ndinati ndiwauza ndikakhoza. Nditalephera kachiwiri ndinati ndiwauza ndikapeza ntchito yooneka. Pamene ndinkakwatiwa, bodza linali litakula kale moti kunena za ukwati kunafunika kunenanso kuti namwino wawo amachapa nsalu za odwala m'chipinda cha pansi chopanda mawindo. Ndinkaopanso kuti adzati ndakwatiwa chifukwa cha mapepala. Taonani lero, funso lomwelo landipeza kwa munthu wachilendo. Inu munandiuza chaka ndi chaka kuti ndiulule, ine n'kumati mwezi wamawa. Mawu a akulu akoma akagonera. Ndakusenzetsani chinsinsi changa zaka zinayi, mukuwayang'ana bambo m'maso akamakufunsani za ntchito yanga. Pepani, achimwene.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa bambo Loweruka likubwerali, m'mawa, atamwa kale mankhwala. Musatume munthu ndipo musawauze pa foni. Mukhale nawo pansi muwauze zonse: za mayeso, za ntchito yochapa, za ukwati. Mukaona kuti pakamwa palemera, muwapatse kalata ino awerenge okha, ngakhale ndikudziwa kuti ayamba ndi kuikonza zolakwika ndi cholembera chofiira. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ayenera kutuluka m'kamwa mwanga. Ndayesa Lamulungu lapitali, ndinafika pakuti “Bambo, pali nkhani,” iwo n'kuyamba kundiuza kuti mwana wa aneba akufuna malangizo a unamwino kwa ine, ndiye ndinabwerera. Komanso ndikuopa kuti angamve ali okha m'nyumba, magazi n'kukwera popanda wowagwira. Mukatha kuwauza mundiimbire muli pomwepo. Ndidzakhala pafupi ndi foni tsiku lonse, ndipo chilichonse chimene adzanene ndidzachimva mpaka kumapeto osadula.

Mukawauzenso za munthu amene ndinakwatiwa naye, poti inu munalankhulapo naye. Muwauze kuti samwa, kuti amasamalira mayi ake, kuti pa ntchito anzake amamutcha Kamba chifukwa sathamangira kanthu koma chimene wakonza sichibwerera.

Chinthu chimodzi musachite. Musawapemphe kuti alembe zoti anadziwa kalekale. Sangavomere, ndipo inenso sindikufuna. Alembe zoona, kuti amva mwezi uno, kuchokera kwa inu. Loya wa bungwe lothandiza anthu obwera amene ndinakamuona anati kalata yotero ikhoza kutithandiza kapena kutigwetsa, sangalonjeze. Ndavomera. Ngati bambo akufuna kulemba kuti mwana wawo ndi wabodza, kuti anawachititsa manyazi, kuti sakufuna kumuona, alembe, ndipo inu mutumize momwemo osachotsa liwu. Ndidzaipereka ku ofesi ndi manja anga. Ngakhale itakhala yaukali chotani, kuti ayilembe adzayenera kukufunsani dzina la mkamwini wawo ndi kalembedwe kake, n'kulilemba ndi dzanja lawo. Ine zimenezo zindikwanira, unzika ubwere kapena usabwere.

Akakana kulemba, mundiuze msanga, musandisungire pofuna kundimvera chisoni. Ndiyenera kudziwa ngati ndiyambe kuphunzitsa munthu wina kuwasambitsa apongozi.

Mundiperekere moni kwa mayi a kunyumba, muwauze kuti nsalu ananditumizira ija ndinasoketsa. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso chaka chino, muzimuuza kuti akalephera azinena tsiku lomwelo. Moni kwa azakhali ndi kwa amalume, koma nkhaniyi isawafike bambo asanaimve. Apongozi anga akupereka moni. Alamu anu ali pano akupukuta mbale, ndawawerengera zimene ndalemba, ndipo akuti ndikuuzeni kuti Loweruka sapita kuntchito. Adzakhala pambali panga foni ikamalira, atavala nsapato.

Tsalani bwino, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Mzime