Ine, Tawina ndi Aroma

6 Epulo 2020
Lokudawuni ya mliri. Hotela atseka, ife oyala mabedi akuti tikhale m'nyumba mpaka adzatiyitane. M'chipinda muno ku International City, kuno kutali ndi Malawi, zenera limodzi, kutuluka mpaka pemiti.
Achemwali anga a Mabel, ondisungira mwana, ayimba kuchokera ku Mponela. Mwana wanga Tawina chitsekereni sukulu sakugwira buku. Masana onse akumakhala pasikelo ya venda wina wogula soya. Mwana wa Folomu 2! Mutu wanga sukugwira.

8 Epulo
Ndalankhula ndi Tawina pafoni ya achemwali. Kukalipa sikunathandize, amangoti eya, eya. Nditatopa ndinafunsa zomwe aphunzitsi anawasiyira. Akuti funso la histole: chifukwa chiyani ufumu wa Aroma unafooka n'kugwa. Masamba ake m'buku anang'ambika kalekale. Pakamwa panga panangotuluka kuti ndikufufuzira ndine. Ine! Aroma ndimawadziwa a m'Baibulo okha.

9 Epulo
Mayo ine, nkhani yokoma chonchi! Tsiku lonse pa intaneti. Chingerezi chikalimba ndikufunsa Wendy, mnzanga wa ku Lusaka wa bedi lapamwamba. Poyamba amayesa ndikunena Akatolika. "Bagwa liti Aroma, mwandi? Si tinali ku misa mwezi watha?" Kuseka mpaka misozi.
Ufumuwo kukula kwake, kuyambira ku Mangalande mpaka ku Iguputo. Adani akalowa kumalire, uthenga umayenda pahatchi milungu ndi milungu. Asilikali pofika, midzi itapsa kale. Ndajambula mawu kufotokoza zonsezi, voisi yoyamba ndatumiza kwa Tawina.

10 Epulo
Timizere tiwiri tabuluu pa voisi ija. Wamvera! Sanayankhe. Bola.

14 Epulo
Lero za asilikali. Kupha mfumu yawo, kuyika ina, nayo kuipha. Ulendo wina olondera nyumba yachifumu anachita kugulitsa mpando, wotchula zambiri ndiye mfumu, ngati fodya ku okushoni! Wendy akuti ni katangale chabe, khalas, nkhani yatha. Rosta, wa ku Mulanje, wa bedi lakukhomo, akuti ayi, linali tchimo. Tinatsutsana mpaka mpunga unapserera.
Tawina wayankha!! Akufunsa kuti nanga anthu wamba ankatani mafumu akamaphana. Ndavina pakati pa mabedi, Rosta akuwomba m'manja.

17 Epulo
Anthu wamba: msonkho. Wodyetsera asilikali aja. Unakula mpaka alimi ena kuthawa minda yawo. Ndalama zasiliva mafumu ankazisakaniza ndi mkuwa, anthu anasiya kuzikhulupirira, zinthu kukwera mtengo.
Ndiponso mliri. Unabwera ndi asilikali ochokera kunkhondo kum'mawa, unapululutsa anthu m'mizinda ndi m'misasa. Ndikuwerenga zimenezi ambulansi ikulira pansipa. Voisi ya lero ndinachita kuibwereza. Sindifuna mwana adziwe kuti ndikuopa.

22 Epulo
Iyi yandiwawa. Anthu otchedwa Agoti, othawa nkhondo, anapempha kuwoloka mtsinje kuti akhale kwa Aroma. Anawalola. Njala itawapha, akuluakulu ena a Aroma ankawagulitsa nyama ya galu, malipiro ake mwana woti akakhale kapolo. Agotiwo anaukira, anapha mfumu kunkhondo, patapita zaka analowa mumzinda wa Roma n'kuufunkha. Wendy anangotembenukira kukhoma. Naye ali ndi ana ake ku Matero, kwawo ku Lusaka.
Tawina akuti akulemba zonse. Wandifunsa dzina la mtsinjewo, ndayankha ngati mphunzitsi weniweni: Danube. Achemwali akuti dzulo mwanayo sanatuluke pakhomo. Yalla, pitiriza, mwana wanga!

3 Meyi
Timizere sitikusintha. Foni ya achemwali sikupezeka.

9 Meyi
Zii. Chakudya sichikulowa. Wendy akuti inshallah, Mulungu akalola, ni netiweki chabe. Aroma ndawasiya kaye.

15 Meyi
Apezeka! Foni inagwera m'ndowa, anadikira kugulitsa mtedza kuti akonzetse. Achemwali osayamba n'komwe ndi moni: venda uja wapakira sikelo yake, wapita, watenga mtsikana. Ndinafunsa msanga kuti ndani. Si Tawina. Ndi Stellah, mnzake wokhala naye desiki imodzi. Ndalira. Kukondwa ndi manyazi pamodzi, poti Stellah naye ali ndi mayi.
Kenako voisi ya Tawina, yaitali. Akuti amayi munalakwitsa, ufumu sunagwe wonse. Anaugawa pawiri. Wakumadzulo ndi umene unagwa, mfumu yake yomaliza kanali kamwana, anangokachotsa pampando. Wakum'mawa unakhalabe zaka pafupifupi chikwi china. Foni itafa Tawina anayenda wapansi mpaka kunyumba kwa aphunzitsi kukabwereka buku lathunthu. Kundikonza ine mayi ake! Voisiyo ndaikira aliyense kuti amve, ngakhale mlonda wa pageti, wa ku Nepal, wosamva Chichewa n'komwe. Anangoti shukran, zikomo wa kuno, n'kuseka.

18 Meyi
Tsopano ndili ndi kalasi. Atsikana anzake a Tawina akumabwera pakhonde la achemwali, kukhala motalikirana, foni pakati. Pavoisi ndikumva nkhuku ndi kuseka kwawo. Akufuna ndisankhe chifukwa chimodzi chachikulu. Wendy wakakamira katangale, Rosta tchimo. Ine ndawauza kuti zonse zinathandizana, koma mtima wanga uli pa galu uja. Ufumu wosinthanitsa ana ndi nyama ya galu unali utawola kale, Agoti anangoukankha.

20 Meyi
Supavayiza walemba: Lamlungu tibwerera ku ntchito, hotela izisunga anthu a kwarantini. Mantha alipo, koma ntchito ndi ntchito. Mavoisi ndizijambula m'basi.
Tawina akuti Stellah wayimba kudzera pafoni yobwereka, akulira. Ali ku Mchinji. Akufuna kubwerera koma akuopa bambo ake. Tawina wafunsa ngati angamupatse nambala yanga, poti Stellah anamvako mavoisi oyamba aja ndipo akuti mwina ine sindingamukalipire. Ndati mupatse. Chokamuuza sindikuchidziwa, bambo akewo sindinalankhulepo nawo.
Foni ikulira. Nambala yachilendo, ya ku Malawi.