Dzino la ba Melody

Lolemba, 10 Juni
Manyazi. Kachipewa komwe ndinamatira pa dzino la alamu anga ba Melody kagwera m'kapu ya tiyi, patebulo langa lomwe. Mkazi wanga Elina, mng'ono wawo, kundiyang'ana: "Koleji yake ndi imeneyi?" Eni ake: "Mulamu, simenti yanu ni ya njerwa?"
Anachoka kwawo ku Shimabala kudzangokonzetsa dzino. Akuti sabwerera lisanagwire. Chipinda n'chimodzi, iwo ndi Elina pabedi, ine pasofa.

Lachiwiri, 11 Juni
Ndamatanso kukiliniki. Asidi pa dentini, mkati mwa dzino muja, kuti timabowo take titseguke. Kutsuka, kusiya kachinyezi, lezini, guluu wa mano, alowe ngati mizu, kenako nyali ya buluu yomuumitsira. Ndati, "Ukwati uwu ulimba kuposa wanu ndi ba Whiteson." Sanaseke.

Lachisanu, 14 Juni
Kagwanso. Msana wanga!

Lamlungu, 16 Juni
Ndanunkhiza kachipewa kaja: kilovu, uja wopha ululu wa dzino. Kabotolo ka mafuta ake ndakapeza kuseri kwa sopo m'bafa. Mafutawa akalowerera mu dentini lezini sagwira, ndipo ndine ndinawachenjeza tsiku loyamba. Kani anamvetsera bwino! Ba Melody amapaka dala asanabwere pampando wanga.
Elina akuti, "Asiye. Uganiza dzino lija linathyoka na nzimbe?"
Ndati eni ake anati nzimbe. Ine ndimachiza mano.

Lachiwiri, 18 Juni
Botolo ndinaliponya m'ngalande Lamlungu lomwelo. Lero ndawatenga ba Melody modzidzimutsa, ati tikagule ndiwo kumsika, tinakatulukira kukiliniki. Ndapala dzino, ndatsuka, ndatchinga malovu. Atagona chagada anandigwira mkono: "Mulamu, musalimbitse maningi."
Ndati, "Yasamulani."
Ndinayatsa nyali.

Lachinayi, 20 Juni
Lagwira. Ndawapatsa chimanga chokazinga dala, kachipewa osatekeseka. Ba Whiteson ataimba foni ndinayankha ndekha kuti ntchito yatha, katundu wawo ali bwinobwino. Elina sakundilankhula.

Loweruka, 22 Juni
Ndawanyamulira chikwama mpaka paminibasi, ndikuimba mluzu. Anakhala pawindo, n'kugwedeza dzino ndi chala. Nji.
Ndati, "Sekererani, tione ntchito yanga."
Anasekerera, mano onse panja.
"Muidziwa nchito, mulamu. Simenti yotsala muisunge. Nizabwela na lina."
Kondakitala anamenyetsa chitseko.