Ndinamwetulira pa uthenga wa maliro

Salamanca, 14 Novembala

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kwathu ku Daegu, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira. Tsabola munanditumizira uja ndalandira, zikomo kwambiri.

Azakhali, ndachita chinthu chochititsa manyazi. Mayi Encarna, eni nyumba imene ndimakhala, amayankhula Chisipanishi mothamanga kwambiri, ndiye ndinazolowera kumangogwedeza mutu n'kumati, "Zosangalatsa!" Sabata yatha tikudya chamasana, anandiuza nkhani yaitali. Ndinangotolapo mawu awiri, "mchemwali" ndi "kumudzi", basi ndinamwetulira n'kutchula mawu anga aja. Iwo anaika foloko pansi.

"Dasom, mwanawe, wamva zimene ndanenazi?"

"Ndamva, Mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa mbale. Mawa lake ndinawaona atavala zakuda, akupita kokakwera basi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ndi amene anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi khanda, kuti mchemwali wa Mayi Encarna wamwalira.

Mayi Encarna abwerako kumaliro dzulo. Mawu opepesa ndinawaloweza masiku atatu, koma nditaima pamaso pawo onse anandithawa. Iwo anangondisisita tsaya n'kunena kuti, "Ndiye kuti miyezi isanu ndi iwiri yonseyi ndimayankhula ndekha, eti?"

Ndamva kuti mukuuza anzanu kutchalitchi kuti Chisipanishi ndachidziwa. Chonde, muyambe mwasiya kaye. Za mayeso a Chisipanishi aja ndidzakuuzani tikadzaonana, koma bambo musawauze kanthu.

Ndine mwana wanu,
Dasom