Impso za amai Margarida

Lolemba, 4 Malichi

Petauke. Ndatsika basi ya ku Lusaka miyendo itatupa. Anditumiza ku chipatala cha kuno kudzagwilizila pa makina osefa magazi a odwala impso mpaka nesi wawo atabwelako kochila. Kachipinda kogona kopanda katani. Chinsenga ndikungotolako apa ndi apo.

Lachitatu, 6 Malichi

Abwela nawo kuchokela ku Nyimba amai Margarida. Anataya magazi ambili pobeleka, impso zaima. Otupa thupi lonse, sakuzindikila munthu. Mkodzo olo dontho. Khanda lili moyo, latsala ndi apongozi awo kumudzi.

Amuna awo, a Joaquim, mlimi wa thonje, ataona magazi akukwela m'timapaipi anagwila khoma. "Asisita, mukawachotsa onse, m'thupimo mutsala chiyani?" Ndinawauza kuti amangotuluka kukasamba, n'kubwelela.

Ntchitoyi ndaigwila zaka zambili, koma lelo ndaiona ndi maso awo. Magazi a munthu kuyenda kunja kwa thupi, ofunda, paipi ikugunda m'dzanja langa. Mwini wake ali gone, akupuma.

Loweluka, 9 Malichi

Atsegula maso. Mawu oyamba: "Mwana wayamwa?" Mabele aakulu, owawa. Ndawathandiza kukama. Mkaka mbwee, mkodzo ayi. Thupi la munthu, Ambuye!

Lachiwili, 12 Malichi

Magetsi anathima tili pakati posefa magazi. Ndinabweza magazi m'thupi popukusa pampu ndi dzanja. Phewa likuwawabe.

Adotolo akuti impso zikapanda kudzuka, ndiye makina moyo wonse. Kuchoka kumudzi kuseli kwa Nyimba sabata ndi sabata, ndi khanda kumsana? A Joaquim anangoti, "Ndigulitsa ng'ombe." Ali nayo imodzi.

Lachisanu, 15 Malichi

Mkodzo palibe.

Lolemba, 18 Malichi

Mkodzo! M'mawa, m'kathumba ka pambali pa bedi. Pang'ono, wodelako. Ndinakanyamula n'kukayang'ana pa windo kuti mwina ndi maso anga. Amai osesa mu wadi anaimba nthungululu. A Joaquim anagwada pa simenti, kupemphela m'Chipwitikizi cha kwawo kutsidya kwa malile. Anthu akuluakulu kulilila mkodzo, ine ndemwe.

Palibe amene wazikonza impsozo. Ife tinangowagwilila munthuyo kuti asapite, izo n'kudzuka zokha pa nthawi yake.

Lachinayi, 4 Epulo

Tawachotsa amai Margarida paipi ya pakhosi yolumikizila ku makina. Atuluka akuyenda okha mpaka pokwelela minibasi ya ku Nyimba. Andisiyila mtedza m'kansalu, iwo amati nshawa.

Masana pa makina omwewo pagona a Whiteson Mwanza, mphunzitsi wopuma. Shuga inawathela impso kalekale, ndipo zotelo sizibwelela. Zonse za amai Margarida anazionela pa bedi lawo. Ndikuwalumikiza, anandigwila mkono, akumwetulila.

"Asisita, nanga zanga zidzuka liti?"

Ndinayamba kukonza paipi imene inali kale bwinobwino.