Dzina Lanu Latuluka Poyamba

Amayi,

Kodi muli bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo. Dzulo m'mawa dzina lanu linatuluka poyamba. Ndinalemba m'makina ofufuzira pa intaneti mawu akuti "mbewu ya nsawa Chadiza", ndipo tsamba loyamba kuoneka linali lanu, lokhala ndi chithunzi chija mwagwira lichero pakhonde. Ndinayesa pa foni yanga, kenako pa kompyuta ya mnzanga wa ku ofesi kuno ku Chipata, kuopa kuti mwina foniyo ikungondisangalatsa poti imandidziwa. Konseko woyamba ndinu. Webusayiti ya amalume Fakisoni ndinaisaka mpaka kutopa, sindinaipeze.

Ndiyambe ndakuuzani za kumudzi. Mng'ono wanga Judisi wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha Esinati, dzina lanu. Akamayamwa amakwinya pamphumi monga munkachitira posankha mbewu. Chimanga cha kumunda wa kumtunda sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula ngayaye, koma nsawa zabereka. Ng'ombe ija ya nyanga imodzi inafa nyengo yozizira, choncho ngolo tikubwereka kwa anzanu aja aNabanda. Chiliza chanu tinamanga. Zilembo zake ndinayang'anira ndekha, chimodzichimodzi, chifukwa ndaphunzira kuti dzina la munthu silisiyidwa m'manja mwa ena.

Mukukumbukira webusayiti imene ndinapangira gulu lanu la amayi osunga mbewu ku Zingalume? Inali ndi masamba khumi ndi limodzi okha. Mtundu uliwonse wa nsawa unali ndi tsamba lakelake, lolembedwa kamodzi n'kukhala pomwepo, ndi adiresi yake yosasintha. Ndinatengera inu. Inu munkamanga mbewu m'timatumba, kulemba dzina ndi khala, n'kukoloweka pakhonde, ndipo munkati, "Mbewu usaibise, mlendo aione asanapemphe madzi akumwa." Nditakuonetsani masambawo munaseka, n'kufunsa ngati anthu a ku Lusaka azidzaona nsawa zanu m'galasi. Anaziona ndithu, ndipo ankabwera ndi galimoto mpaka pamene msewu uthera.

Mutangoikidwa m'manda, alongo anu, amalume Fakisoni, anatenga mpando wa gulu. Anati amayi sangathe kulankhula ndi ogula a m'tauni. Anati webusayiti yanga ndi ya ana a sukulu, anandilanda mawu achinsinsi olowera, n'kubweretsa munthu wa ku Lusaka kuti apange ina yamakono. Zimenezo ndikanapirira. Koma pa tsamba la mbiri ya gulu analemba kuti gululi anayambitsa ndi iwo. Inu simukutchulidwa paliponse, ngakhale pansi pa chithunzi cha nkhokwe imene munamata ndi manja anu. Nditawafunsa pa msonkhano anandiyankha pamaso pa anthu onse: "Iwe Dailesi, akufa sagulitsa nsawa." Amuna ena anaseka. Sindinalire, Amayi. Ndinakumbukira zimene munkandiuza, kuti mkwiyo uli ngati nsawa, ukakumba uyambe wayanika. Ndinabwerera ku Chipata n'kukhala pansi kuiwerenga webusayiti yawoyo, tsamba ndi tsamba.

Ndikufotokozereni zimene ndinapeza, poti inu simunkafuna nkhani zopanda mutu. Makina ofufuzira ali ndi kamthenga kamene kamayendera mawebusayiti, kuwerenga zolembedwa n'kukasunga, kuti munthu akasaka chinthu apatsidwe. Kamthengako kamayenda pokhapo pali njira. Sikagogoda, sikafunsa. Masamba anga aja anali ngati timatumba tanu ta pakhonde: kankafika, kuwerenga dzina, n'kupita. Webusayiti ya amalume ili ngati nkhokwe yotseka yokhala ndi mlonda. Zonse zili m'kati, mu chimene timati detabesi, ndipo tsamba limapangidwa nthawi yomweyo munthu akapempha. Kuti uone nsawa uyenera kusankha mtundu m'kabokosi n'kudina batani. Kamthenga sikadina batani. Kamafika pakhomo, kuona chithunzi cha amalume atavala jekete, n'kubwerera.

Si zokhazo. Masamba ochepa amene kamthengako kanawafikira ali ndi adiresi yaitali yodzaza manambala, ndipo manambalawo amasintha mlendo aliyense akabwera. Tsamba limodzi limaoneka ngati masamba ambirimbiri ofanana, onse a mutu umodzi, dzina la gulu basi. Ma adiresi akale aja, amene ogula anasunga ndiponso amene mawebusayiti ena ankalozako, anangowafafaniza osasiya cholozera kumalo atsopano. Zili ngati munthu wosamuka osauza aneba kumene wapita. Patapita miyezi, makina anaiwala kuti ku Zingalume kuli mbewu.

Ndinene zoona, chifukwa simunandilere kuti ndizinama ngakhale ponena za mdani. Webusayiti ya detabesi si yoipa. Masitolo akuluakulu amayendera imeneyo, ndipo gulu likadzakula mpaka mbewu kumasintha sabata ndi sabata, lidzaifuna. Imangofunika kuitsegulira njira: mtundu uliwonse ukhale ndi adiresi yaifupi yosasintha ndi mutu wakewake, pakhale ndandanda wa masamba onse woti kamthenga kazitsata, ndipo ma adiresi akale aloze kwatsopano. Ntchito imeneyi ine ndingaigwire masana amodzi. Sindinaigwire. Amalume atatuma Judisi kudzandifunsa mozungulira chifukwa chimene foni yawo yasiyira kulira, ndinayankha kuti ine ndimadziwa za ana a sukulu zokha.

Ndinakhala chete nyengo yonse yogulitsa, ndipo ndivomere kuti chete ameneyo ankanditsekemera. Koma tsiku lina aNabanda anandipeza ku ofesi. Anayenda pa njinga mpaka ku boma, n'kukwera minibasi, atanyamula kathumba ka nsawa zoyamba kufumbwa. Anakathira pa tebulo langa, pamwamba pa mapepala, anzanga akuona. Anati matumba ali mbwee m'nyumba za amayi, ogula sakubwera, ndipo ena ayamba kukazinga mbewu imene inu munaisunga zaka zonse zija. Kenako anati, "Mwana wanga, ndodo ukumenyera Fakisoniyo ikugwera ife." Ndinayang'ana nsawazo. Umboni unali pa tebulo, ndipo umboni sinditsutsana nawo.

Komabe webusayiti ya amalume sindinaikhudze. Ndinatsegula ina pa adiresi yatsopano, ya dzina lanu. Ndinabwezeretsa masamba aja khumi ndi limodzi, poti ndinali nditawasunga, n'kuwonjezera tsamba la mayi aliyense: dzina lake, mudzi wake, mtundu wa mbewu imene ali nayo. Nambala ya foni ndinaika ya aNabanda. Tsamba la mbiri ndinalemba zochitika zokhazokha, mmene munayambira ndi amayi anayi pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi. Amalume sindinawanyoze ngakhale ndi liwu limodzi. Sindinawatchule n'komwe. Ndinalembera onse amene ankaloza ku masamba akale kuti aloze kuno, ndinapereka ndandanda wa masamba ku makina ofufuzira, kenako ndinadikira. Zimenezi sizifulumira. Masabata oyamba tinali kutali kumunsi, kumene munthu safikako. Tinkakwera pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza pa chitunda. Sabata yatha ogula awiri anaimbira aNabanda, wina wa ku Katete, wina wa ku Lusaka, ndipo onse anafunsa za mbewu ya aEsinati.

Mwina mukanati ndikhululuke, poti ndi mlongo wanu, munayamwa bere limodzi. Ndaganizirapo. Koma munda akanalanda tikanakambirana pabwalo, ng'ombe akanatenga tikanapeza ina. Iwo anafuta dzina la munthu amene sangathenso kudziyankhira, maliro asanazizire n'komwe. Zimenezo sindinazipezere chifukwa chokhululukira, ndipo ndafufuza.

Loweruka likubwerali gulu likukumana kusankha wapampando. Amayi a ku Mlolo ndi ku Zemba amene analowa gulu chaka chatha akubweranso. Ine sindikalankhula zambiri. Ndikapempha amalume, mwaulemu wonse, kuti atulutse foni yawo, osati yanga, alembe okha mawu aja akuti "mbewu ya nsawa Chadiza", n'kuwerengera anthu mokweza dzina limene latuluka pamwamba. Akawerenga, ndiye kuti alitchula ndi pakamwa pawo pamaso pa anthu amene anawaseketsa aja. Akakana, adzawerenga ndi aNabanda, ndipo mawu awo mukuwadziwa, amamveka mpaka kudambo. Webusayiti yawoyo ndidzaikonza tsiku limene adzabwezeretse dzina lanu pa tsamba la mbiri. Akapanda kutero, ikhale chotsekera ndi jekete lawo m'katimo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo pakhonde paja ndikadutsa ndimayang'anabe m'mwamba. Ndikulonjeza kuti masamba anuwo sadzasuntha pa adiresi yake ine ndili moyo, ndipo Esinati wamng'onoyu akadzadziwa kuwerenga, dzina loyamba kulisaka lidzakhala lake ndi lanu.

Ndine mwana wanu,
Dailesi