Chivindikiro Chimene Ndinawongola

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi kamwana kanu kamene sindinakaone kakuyenda. Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Kuno tilipo, ndipo kusukulu ndikupita. Nkhani ndi ya abambo, koma ndiyambe ndafotokoza ntchito yawo, poti inu kuno simunafikeko.

Malo ano ndi a timapiri, minda ndi nkhalango. Loweruka ndi Lamlungu kumabwera anthu a m'tauni ndi ana awo kudzangoyenda basi. Poyamba ndinkaseka kuti munthu n'kukwera galimoto mtunda wonsewo kuti adzayende pansi, pamene ife kwathuko timayenda mpaka zidendene kung'ambika popanda wotiwombera m'manja. Pano ndinazolowera.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya mabanja. Imatsata mtsinje, kuwoloka kamlatho ka matabwa, n'kubwerera pageti. Ili ndi mabenchi atatu, ndipo mwana wa zaka zinayi amaimaliza osalira. Inayo imakwera phiri, ndipo pena munthu amachita kukwawa m'matanthwe, phompho lili pambali. Abambo amalambula njirazi ndi kupaka zizindikiro pamiyala, penti wobiriwira ku njira ya mabanja, wa buluu ku njira ya phiri. Alendo sadziwa kanthu. Amangotsata mtundu umene amayi olandira alendo pageti awauza.

Achemwali, abambo sakuona bwino. Sanandiuze, ndangowaona. Mapepala ochokera kwa akapitawo amandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza, ati aone ngati sukulu ikundithandiza. Pothira tiyi amayamba apisa chala m'kamwa mwa kapu. Mwezi watha anapatsa moni chidole choopsezera mbalame m'munda wa aneba, mpaka kuchifunsa za kunyumba. Nditaseka anati amachita dala, nawonso n'kuseka. Diso lawo lamanja layera pakati ngati mwagwera dontho la mkaka.

Zimenezi ndinkaziona. Chimene sindinaone ndi ichi. Zitini ziwiri za penti zimakhala pashelefu m'kasitolo ka zida, ndipo ndi zofanana. Cha penti wobiriwira chinali ndi chivindikiro chopindika pakati. Tsiku lina ndikusesamo ndinaganiza kuti penti auma chifukwa sichitseka bwino. Ndinatenga hamala n'kuchiwongola, chinachita kusalala ngati chatsopano. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

M'mawa mwake abambo anapita kukakonzanso zizindikiro za njira ya phiri zimene mvula inafufuta. Kani zitinizo amazidziwa ndi chala. Anapapasa, napeza chivindikiro chosalala, n'kunyamula poganiza kuti ndi buluu. Anapaka wobiriwira kuyambira pamphambano, pamene njira ziwirizi zimasiyana, mpaka kumatanthwe, miyala makumi awiri ndi umodzi. Ndinachita kukaiwerenga pambuyo pake.

Loweruka lake kunabwera banja lina: bambo, mayi wobereka khanda, ana awiri ndi agogo aamuna oyendera ndodo. Amayi a pageti anawauza monga amauzira aliyense, kuti atsate wobiriwira ndipo pakatha ola limodzi akhala atabwerera. Pamphambano anapeza wobiriwira mbali zonse, iwo n'kusankha wowala kwambiri. Anakwera mpaka pamene agogo aja mawondo anawakana, kutsogolo thanthwe, kumbuyo kotsetsereka. Anakhala pamenepo dzuwa lonse, madzi atawathera, mpaka anyamata odyetsa ng'ombe anamva ana akulira. Agogowo anawatsitsa chowanyamula. Kamtsikana kanasupuka bondo, ndipo nsapato yake imodzi ikadali konko.

Palibe anavulala kwambiri, koma bambo uja anakalipa pageti anthu onse akumva. Anati akanakhala kuti mwana wake wagwera kuphompho, bwenzi tikumuuza chiyani. Ine ndinali kuseri kwa kasitolo. Abambo anavula chipewa n'kuima chilili.

Lolemba akapitawo anabwera pa njinga yawo yamoto. Si munthu woipa, amakonda nthabwala, ndipo amakonda kuwatcha abambo kuti Mbuzi ya Phiri chifukwa palibe amawapitirira pokwera. Tsiku limenelo sanawatche choncho. Anafunsa kuti munthu wodziwa mwala uliwonse angasokoneze bwanji mitundu iwiri. Abambo anayankha kuti, "Ndalakwa ndine, bwana. Ndinkafulumira." Ndinafuna kunena za chivindikiro. Koma ndikanati ndinene kuti ndinachiwongola ndine, akanafunsa kuti nanga chivindikiro chikukhudzana bwanji ndi mtundu wa penti, ndipo zonse zikanaululika pomwepo. Ndinangoyang'ana matayala a njinga.

Akapitawo anati Loweruka lomaliza la mwezi uno adzayenda nawo njira zonse ziwiri, abambo ali patsogolo, akuwasonyeza chizindikiro chilichonse. Anati pakadzapezekanso cholakwika sadzatha kuwaikira kumbuyo kwa eni malo. Mukudziwa kuti nyumba tikukhalayi ndi ya pantchito. Ntchito ikatha tichoka, ndipo ine mayeso ali pafupi.

Miyala ija ndinakaipakanso ndekha poweruka kusukulu, masiku atatu. Abambo sanandifunse kumene ndinkachedwa, ngakhale manja anga ankanunkha penti. Pa tsiku lachitatu tikudya ndinalimba mtima n'kuwauza kuti aphunzitsi a sayansi amati ng'ala amaichotsa kuchipatala chachikulu, munthu n'kuonanso. Anasiya kutafuna. "Maso anga ali bwino. Iwe yang'ana makope ako." Anatero basi, n'kupempha mchere umene unali patsogolo pawo.

M'mawa mwake nditalowa m'kasitolo ndinapeza chivindikiro chija chapindidwanso pakati, mwala umene anamenyera uli pambali. Choncho akudziwa kuti ndinachiwongola ndine, ndipo akudziwa kuti ndadziwa chifukwa chake chinali chopindika. Timadzuka, timapatsana moni, timadya mbale imodzi, nkhaniyo osaikhudza.

Kuno ndilibe womuuza. Kusukulu amanditcha Chete, ndipo nthawi yopuma ndimakhala ndekha kuseri kwa laibulale. Amayi a pageti ndi abwino, koma chimene amva m'mawa, masana chafika kumsika. Ndinaganiza zodzayenda ndi abambo tsiku la akapitawo n'kumawanong'oneza, koma kodi ndidzawanong'oneza mpaka liti? Komanso si zizindikiro zokha. Lachiwiri lililonse amakwera okha njira ya phiri, chikwanje m'manja, chitini kudzanja linalo. Amati mapazi awo amaidziwa njirayo. Koma mvula imasuntha miyala, ndipo phazi silidziwa mwala umene wasuntha dzulo.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani lisanafike Loweruka limenelo, mudzawatengere kuchipatala. Ine ndikayankhula amandiona mwana. Inu amakuopani, paja amakutchani a Polisi kuyambira muja munawalanda fodya. Mukabwera musadzanene kuti ndakulemberani. Mudzangoti mwawasowa, kenaka mudzawaone pothira tiyi, mudzadziwa nokha poyambira.

Ndikudziwa kuti akapita kuchipatala akapitawo amva, ndipo mwina ntchito ithera pomwepo. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndikakhala chete tikhala ndi nyumba mpaka tsiku limene adzaponde molakwika. Ndikayankhula ndawachotsera ntchito imene amainyadira kuposa zonse anagwirapo. Sindikudziwa chabwino n'chiti, achemwali. Mwina mukawerenga muona kuti kusabwera ndiye nzeru. Mukatero mundiyankhe, mundiuze chochita, ndidzachita.

Amayi musawauze zonse, mtima wawo mukuudziwa. Mungowauza kuti ndikuwapatsa moni ndipo juzi ija ikundikwanabe, mikono yokha ndiyo yafupika. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi ana awo, kwa amalume ngati anabwerako kuja anapita, ndi kwa kamwana kanu kaja, mukauze kuti kali ndi amalume amene sayankhula koma amakakumbuka.

Ndalemba kalatayi m'kalasi nthawi yopuma, pafupi ndi windo loyang'ana kuphiri. Lero ndi Lachiwiri. Pamene ndimayamba ndimaona malaya oyera a abambo akukwera pang'onopang'ono pansi pa matanthwe. Tsopano alowa kuseri kumene sindingawaone, ndipo belu lalira. Kwatsala maphunziro atatu kuti ndiweruke.

Tsalani bwino, ndipo chonde musachedwe kuyankha.

Ndine mlongo wanu,
Chete